Mbali Yogona Sidya

Tisungane sankatsegula laputopu ya munthu asanaigwire kaye kumimba. Mwiniwake akaiika patebulo n'kuyamba kulongosola mavuto ake, iye ankangoti, "Iyatseni." Ankadikira pang'ono kuti makinawo adzuke, kenako n'kulowetsa dzanja pansi pake, kuseri kwa chikhatho kukhudza pamene pamatulukira mpweya, monga amachitira mayi pamphumi pa mwana akamakayikira malungo. Pa nthawi imeneyo sankayankha munthu. Ena ankapsa nazo mtima poganiza kuti akuwanyoza. A Lazarus, telala amene ankagawana naye khonde pa Ntcheu boma, anaziona zimenezi zaka zonse zimene anakhala moyandikana, ndipo sanaonepo tsiku limene analumpha mwambo wakewo.

Khondelo linali la sitolo ya a Redson, chakufupi ndi msika, moyang'ana msewu waukulu. A Lazarus ankakhala kumanzere ndi makina awo opondaponda. Tisungane ankakhala kumanja, pansi pa zenera, chifukwa chingwe cha magetsi chinkatulukira pamenepo kuchokera m'sitolo. Ntchito yake yonse inkapachikika pa chingwe chimenechi. Pa boma malo okhala ndi magetsi, mthunzi ndi anthu odutsa ndi osowa, ndipo aliyense ankadziwa kuti tsiku limene a Redson adzakoke chingwe chawo, tebulo la Tisungane lidzasanduka thabwa wamba.

Kwawo kwa Tisungane kunali ku Champiti. A Lazarus ankamuitana ndi mfunda wake, Nangozo, ndipo ndi iwo okha amene ankawalola kutero. Ntchitoyi anaiphunzirira ku Lilongwe, m'kashopu kokonzera mafoni kumene analowa ngati wosesa ndi wolandira makasitomala, n'kumaba luso ndi maso mpaka manja ake atazolowera. Anabwerera ku Ntcheu mayi ake atatupa miyendo. Mayiwo atamwalira, sanabwererenso ku tauni.

Anali munthu wa mkwiyo ndipo sankaubisa. Ankakwiyira fumbi la malole limene linkalowa m'mafani a malaputopu n'kuumbana ngati thonje la m'pilo. Ankakwiyira anthu amene m'mwezi wa Juni, mphepo ya ku Tsangano ikamalowa m'mafupa, amalowa m'bulangete ndi laputopu n'kuitseka mphuno, mawa lake n'kubwera kudzadandaula kuti ikutentha. Ankawauza kuti nawonso awatseke pakamwa ndi bulangete, aone ngati satuluka thukuta. Amuna obwera n'kufunsa kuti wokonza makompyuta wapita kuti, iye ali pomwepo sikuludiraiva ili m'manja, ankawayankha kuti wapita kukabereka, abwere chaka chamawa. Komabe anthu ankabwerabe, aphunzitsi, anamwino a ku Champiti ndi kwa Nzama, alangizi a zaulimi a ku Bwanje, chifukwa chinthu chimene wakonza Tisungane sichinkabwerera.

Chimene chinkamukwiyitsa koposa zonse chinali liwu limodzi.

Pali malaputopu ena, makamaka a ana a kuyunivesite, amene amakhala ndi mbali ziwiri m'mimba imodzi. Ukayatsa, pagalasi pamayamba mdima ndi timizere tochepa tokufunsa kumene ukufuna kulowa, ku Windozi kapena ku Ubuntu. Ukalowa mbali imodzi, inayo imagona. Akabaza amene ankapumira pakhondepo podikira anthu ndiwo anayamba kutchula makina oterewa kuti laputopu ya mitala. Dzinalo linakomera anthu, linafala boma lonse, mpaka aphunzitsi ankafika n'kunena kuti yawo ndi yamitala, aione ngati akazi awiriwo sakukangana. Tisungane akamva liwu limeneli nkhope yake inkauma.

"Kompyuta ilibe mkazi," ankatero, ndipo wolankhulayo ankadikira nthawi yaitali asanathandizidwe.

A Lazarus ankadziwa gwero lake. Bambo ake a Tisungane, a Fabiano, anapita ku Joni akali mnyamata, n'kumanga banja lina kumeneko. Ku Champiti ankabwera patapita zaka, atavala jekete lachikopa, n'kukhala mwezi umodzi. Mayi ake a Tisungane ankasunga zonse m'mtima kudikira mwezi umenewo: denga lodontha, ng'ombe imene inafa, fizi ya ana, mbiri ya mkazi wa ku Joni. A Fabiano akangofika, zonse zinkatuluka pakamodzi kuyambira m'mawa, ndipo anthu a m'mudzimo ankati mayi uja ndi wolongolola, n'chifukwa chake mwamuna sakhazikika. Tisungane anakula akumva anthu akuseka nkhani imene kwawo inali yosaseketsa. A Lazarus sanamufunsepo za izi. Jekete lachikopa lija anali atalisokapo m'khwapa, ndipo zina anazimva kwa mwini jeketeyo.

A Redson nawo anali ndi nyumba ziwiri. Anayamba ndi geni ya mbatatesi, kukweza matumba pa malole opita ku Blantyre, mpaka anamanga sitoloyo. Mkazi wamkulu, a Selestina, anatsala kumudzi kufupi ndi mishoni ya Nzama, kulima chimanga. Wamng'ono, Dailes, ndiye ankakhala pakauntala m'sitolo. Mwana woyamba wa a Selestina, Zione, anali m'chaka chomaliza kuyunivesite, ndipo bambo ake anamugulira laputopu yakale yochokera ku Joni pamene ankayamba sukuluyo. Zione ndiye anaikamo mbali ya Ubuntu, chifukwa maphunziro ake ankafuna zimenezo, ndipo m'menemo ndimo munali kafukufuku wake wa madzi a m'minda ya mpunga ku Bwanje, ntchito imene akanapanda kuipereka sakanamaliza sukulu.

Pa tchuthi china a Redson anapita kumudzi n'kubwerako ndi laputopuyo. Dailes ankafuna kuyamba geni yoikira anthu nyimbo ndi mafilimu m'mafoni ndi m'mafulashi. A Redson anauza Zione kuti adzamubwezera sukulu ikamatsegulidwa. Mwana sakana bambo wake chinthu chimene bamboyo anagula.

Geniyo sinayende. Laputopu ikalowa ku Windozi inkatentha ngati simbi ya a Lazarus, fani inkalira ngati chigayo, kamuvi ka pagalasi kankauma malo amodzi, kenako makina onse ankazima okha kasitomala ali chiimire. Panalinso zina ziwiri zimene zinkamuwawa Dailes kuposa kutenthako. Akayatsa n'kuchedwa pang'ono kusankha, laputopu inkalowa yokha mbali ina ija, n'kumuonetsa dzina la Zione pakati pa galasi, likufunsa mawu achinsinsi. Ndipo akabwerera ku Windozi ankapeza wotchi yabwerera m'mbuyo ndi maola awiri.

M'mawa wina Lachiwiri a Redson anatuluka nayo m'sitolo n'kuiika patebulo la Tisungane. Dailes anaima pakhomo manja atapinda. Akabaza angapo anali pakhonde, njinga zawo zitatsamira khoma.

Tisungane anati aiyatse. Analowetsa dzanja pansi pake. A Lazarus anaona akuchotsa dzanjalo msanga kuposa masiku onse.

Anagwira ntchitoyo m'mawa wonse, ndipo a Lazarus ankaponya diso uku akusoka yunifolomu ya sukulu. Anatsegula kawindo kamene kamaonetsa pologalamu imene ikudya mphamvu, n'kupeza purosesa, kamtima ka makinawo, ili pa handiredi osatsika. Anazimitsa, anamasula timasikuluwu, anachotsa m'fani fumbi lochuluka loti munthu n'kudzalamo nyemba, anapukuta phala louma la papurosesa n'kupaka latsopano. Atayatsanso anapeza kuti winawake anaikamo mapologalamu awiri olondera mavairasi, amene ankangogwirana pakhosi, aliyense kuyesa mnzake wakuba. Anachotsa imodzi. Kutentha kunachepa, koma fani sinasiye kulira.

Chotsalacho anawafotokozera a Redson momveka. Zione sankalowa ku Windozi, zaka zonsezi ankagwiritsa ntchito mbali yake yokha. Tsono Windozi ikakhala nthawi yaitali osatsegulidwa, tsiku limene waidzutsa imafuna kukoka pa intaneti maapudeti, zokonzedwa zatsopano zimene inaphonya, zonse pakamodzi, ndipo sipuma mpaka itamaliza. Dailes ankagula timabandulo ting'onoting'ono totha ntchito ili pakati, magetsi nawo ankazima, ndiye makinawo ankayambiranso poyamba tsiku lililonse. Mankhwala ake anali kuipatsa bandulo yokwanira ndi tsiku lathunthu magetsi ali bwino, osaikhudza, imalize mkwiyo wake. Za wotchi anati mbali ziwirizi zimawerenga nthawi mosiyana, ndipo kukonza kwake n'kosavuta. Za kulowa yokha kwa Zione anati atha kusintha kuti izilowa ku Windozi poyamba.

A Redson anamvetsera akugwedeza mutu, koma kunali kugwedeza kwa munthu amene anabwera ndi yankho lake m'thumba.

"Zonsezo ndamva," anatero. "Koma vuto ndi mitala. Mbali inayo ikudya mphamvu. Ichotseni."

"Mbali yogona sidya, bambo."

"Sidya?" A Redson anatembenukira kwa akabaza. "Akufuna andiphunzitse ine za nyumba ziwiri. Ine ndikagona kuno, kwa Nzama sadya? Safuna feteleza? Safuna sopo? Ndikagona kuno ndiye amadya kwambiri."

Akabaza anaseka mpaka wina anagwetsa njinga. Tisungane sanaseke.

"Sidya, siyankhula, sichita nsanje," anatero. "Imene ikukuwayi ndi imene mwaidzutsa. Inayo ili phee, ilibe mlandu."

Dailes analowererapo ali pakhomo pomwepo. Anati ngati ilibe mlandu n'chifukwa chiyani imabweza wotchi, n'chifukwa chiyani imadzilowetsa patsogolo ngati mwini nyumba. Anati iye sangagwire ntchito ndi chinthu chomulonjera ndi dzina la munthu wina m'mawa uliwonse. Ichoke mbali imeneyo, ndi dzina lomwe.

Tisungane anawauza kuti m'mbali imeneyo muli ntchito ya sukulu ya mwana wawo, ndipo ikafufutidwa yapita. Iye sangathe kuikopera pafulashi chifukwa Zione anaikiya yonse ndi mawu achinsinsi. Amuitane abwere atenge zake, kenako afufute chimene akufuna, ngakhale kuti kufufutako sikuziziritsa kanthu.

A Lazarus anasiya kuponda makina. Anali akuyang'ana nkhope ya a Redson, ndipo anaona kuti mawu amenewa alowa. Bamboyo anakanda kumutu, n'kuyang'ana kumsewu ngati akuwerenga mtunda wa kwa Nzama. Pakanakhala chete pang'ono, akananena kuti chabwino, adikira. Koma Tisungane sankadziwa kusiya chete kuti agwire ntchito yake.

"Nanga si mwana wanu, bambo a Zione?"

Pa boma palibe amene ankawatchula choncho. Kuno anali bambo a Lucky, dzina la mwana wa Dailes. Tisungane ankadziwa zimenezi monga aliyense. Dailes anatembenuka n'kulowa m'sitolo, ndipo chitseko cha pakauntala chinamveka mpaka kumsewu. Akabaza anayamba kuyang'ana matayala a njinga zawo.

Nkhope ya a Redson inasintha. Anati laputopu anagula ndi iwo, khonde anamanga ndi iwo, magetsi amalipira ndi iwo. Akupita kukaona lole ya mbatatesi kumsika. Akamabwera apeze mbali ija yachoka. Ikapanda kuchoka, chichoke chingwe.

Atapita, a Lazarus anadula ulusi, anapinda yunifolomu ija bwinobwino, kenako anakoka mpando wawo kufupi ndi tebulo la Tisungane, chinthu chimene sankachita kawirikawiri.

"Nangozo, vomerani," anatero motsitsa mawu. "Muwauze kuti ntchito yotere imatenga masiku. Ine nditumiza uthenga kwa Nzama. Mwanayo akabwera atenga zake, inu mufufuta, aliyense wapeza chake."

"Ndiname?"

"Muchedwe chabe."

Tisungane anawayang'ana ngati nawonso afunsa kuti wokonza makompyuta wapita kuti. Anati mayi ake anakhala moyo wonse akunamizira kuvomera, akuchedwetsa, akudikira tsiku labwino lolankhulira, ndipo anafa akudikirabe. Anati iye sananamizepo kasitomala, ngakhale amene amamunyoza, ndipo sayamba lero chifukwa munthu wamkulu akuopa mkazi wake. Anati boma lonseli ladzaza amuna oseka zinthu zosaseketsa ndi nkhalamba zongoyang'ana. A Lazarus anabweza mpando pamalo pake. Kenako anaitana Gracian, wa njinga yamoto amene ankayenda njira ya kwa Nzama, n'kumupempha kuti akauze Zione abwere msanga, chifukwa foni ya mtsikanayo sinkapezeka.

A Redson anabwera dzuwa litapendeka, fumbi la matumba lili m'malaya. Anafunsa ngati zatheka.

Tisungane anatseka laputopu, anakulunga chaja, anaika zonse m'manja mwawo.

"Fumbi ndachotsa, phala ndapaka, mlonda mmodzi ndamuthamangitsa," anatero. "Chotsalacho ndakuuzani mankhwala ake. Koma kupha mbali yosalakwa kuti m'nyumba mwanu mukhale mtendere, kapezeni wina. Manja anga ayi."

A Redson sanakuwe. Analowa m'sitolo, ndipo patapita kanthawi chingwe chinayamba kuyenda patebulo ngati njoka, chinagwetsa kabotolo ka timasikuluwu, n'kukwera pazenera n'kulowa. Kanyale ka patebulopo kanazima. Laputopu ya mphunzitsi wina imene inali pa chaja inalira kamodzi. Tisungane anagwada n'kuyamba kutola timasikuluwu m'fumbi, kamodzikamodzi.

Tsidya lina la msewu kunali Dyton, amene ankakonza mafoni ndi mawailesi m'kontena. Dyton sanali munthu woipa. Ankachita chimene kasitomala wanena, ndipo sankafunsa mafunso. A Redson anawoloka msewu ndi laputopu kukhwapa, ndipo pofika madzulo anabwerako akumwetulira. Dyton anali atasesa m'mimba monse n'kuikamo Windozi yatsopano. Tsopano inali ya mkazi mmodzi, anatero a Redson mokweza kuti pakhonde pamveke, ndipo akabaza anaseka pang'ono chifukwa cha ulemu.

Mawa lake fani inkamveka mpaka pamakina a a Lazarus. Windozi yatsopanoyo nayonso inkafuna maapudeti ake, bandulo ya Dailes inathera pakati monga kale, ndipo magetsi anazima masana. A Lazarus ankayembekezera kuti mwina a Redson atuluka n'kunena kanthu, ngakhale mozungulira monga amachitira amuna akalakwa. Anatulukadi. Anaima pakhonde n'kuuza aliyense amene analipo kuti laputopu yawo inali bwinobwino mpaka pamene mayi uja anaitsegula kumimba, ndipo ndani akudziwa chimene anachotsamo. Anati anthu okonza zinthu ndi otero, amachotsa chabwino n'kuikamo chakufa.

Tisungane anaimirira. Zimene ananena tsiku limenelo a Lazarus sanazibwerezepo kwa munthu. Anayambira pa laputopu, anadutsa pa fumbi ndi pa bandulo, anakafika kwa Nzama, pa denga la a Selestina ndi pa nsapato za Zione, zinthu zimene boma lonse linkadziwa koma palibe ankanena. Anthu anatuluka m'masitolo. Amayi ogulitsa tomato anasiya malonda awo. Zonse zimene ananena zinali zoona, ndipo a Lazarus anadziwa pomwepo kuti chingwe chija sichidzatulukanso pazenera.

Masiku otsatira Tisungane ankabwerabe m'mawa n'kukhala patebulo lopanda magetsi. Ntchito zing'onozing'ono, zochotsa fumbi ndi kusintha mabatani, ankagwira. Zofuna magetsi ankanyamula kupita nazo kwa wometa tsitsi kuseri kwa msika, amene ankamulola kulumikiza pakakhala palibe kasitomala. Koma mbiri ya kuba zipangizo inayenda msanga kuposa iye. Mphunzitsi uja anabwera kudzatenga laputopu yake isanakonzedwe, n'kunena kuti aifuna mwadzidzidzi, ndipo a Lazarus anamuona akuwoloka nayo msewu. Masitolo ena amene Tisungane anapempha khonde anati aganizira. Eni ake ambiri ankagula katundu limodzi ndi a Redson ku Limbe, ndipo palibe amene ankafuna mayi amene anganene za denga la kwawo pamaso pa ogulitsa tomato.

Tisungane sanalankhule ndi a Lazarus za malangizo aja. Tsiku lina anangowaikira chimanga chootcha pamakina pawo osanena kanthu, iwo anadya osanena kanthu. Kenako anawauza kuti msuweni wake ali ndi kashopu ka mafoni ku Balaka, ndipo wati pali ngodya ndi soketi.

Zione anafika tsiku limene Tisungane ankalongedza. Uthenga wa Gracian unapeza iye atapita ku Bwanje kukayeza madzi m'ngalande, ndipo unamudikira kwa mayi ake mpaka atabwerako. Anatsika pa njinga yamoto, wamtali, wowonda, nsapato zili ndi matope ouma a kudambo, n'kupereka moni kwa a Lazarus mwaulemu asanalowe m'sitolo.

Zimene zinalankhulidwa m'katimo sizinamveke bwino. Mawu a Zione anali otsika. Mawu a a Redson anakwera kamodzi, akunena kuti mwana wophunzira amasunga zinthu zake malo awiri, ndipo ngati sanatero ndi uchitsiru wake. Dailes sanamveke n'komwe. Iye anali atasiya kale kuyatsa laputopuyo, ndipo inkangokhala pashelefu pakati pa mapaketi a shuga. Pomaliza a Redson anati atenge chigayo chakecho, chawatopetsa.

Zione anatuluka ataikumbatira pachifuwa. Anaima pakhonde ngati munthu amene waiwala kumene amapita. Kenako anapita patebulo la Tisungane, pamene panali patatsala katoni imodzi yomanga ndi chingwe cha mphira.

Anafotokoza kuti zina anasunga pafulashi, koma zakale, za chaka chatha. Zonse zimene anayeza ku Bwanje nyengo yapitayi, mapu a ngalande, machaputala amene aphunzitsi ake anali atavomera kale, zinali m'menemo. Anafunsa ngati pali chimene chingabwerere.

Tisungane sanamunamize. Anati Dyton anasesa n'kumanga nyumba ina pamwamba pake, ndipo mbali ija inali yokiya, zimene zikuchititsa kuti ntchitoyo ikhale yovuta kawiri. Mwina pansi patsala zidutswa, mwina palibe. Kufufuza kwake kumafuna magetsi osazima ndi kompyuta ina, ndipo pano alibe chilichonse mwa zimenezi. Ngati akufuna, akwere naye minibasi ya ku Balaka, akayesere kumeneko. Asayembekezere zambiri.

"Akanadikira sabata imodzi yokha," Zione anatero.

Tisungane anayang'ana kwa a Lazarus. Iwo anali akulowetsa ulusi m'singano, ndipo ulusiwo unkakana kulowa.

"Akanadikira," anatero Tisungane. "Panali njira yowadikiritsa. Ine ndinaikana."

Zione sanamvetse, ndipo palibe amene anamufotokozera. Anaika laputopu patebulo n'kuitsegula, chala chake chikupita pa batani loyatsira, kuti aonetse mmene zilili.

"Musaiyatse," anatero Tisungane, n'kumugwira dzanja. "Mukaiyatsa imalemba pamwamba pa zotsalazo. Isadzukenso mpaka tikafike."

A Lazarus anadzutsa mutu. Zaka zonsezi anali asanamvepo mawu amenewo pakamwa pake. Kondakitala wa minibasi ankaitana za Balaka kumsewu, akumenya chitseko ndi chikhatho. Akabaza awiri anali atanyamula kale makatoni. Tisungane anatseka laputopuyo pang'onopang'ono, anainyamula mbali imodzi, n'kulowetsa dzanja pansi pake, kuseri kwa chikhatho kukhudza pamene pamatulukira mpweya. Makinawo anali ozizira, atakhala masiku pashelefu, ndipo panalibe choti amve. Kondakitala anaitananso. Iye sanayankhe, dzanja lili pomwepo.